Sanza za Munda Wobwereka

Che Yahaya ankati munda wobwereka uziuveka sanza. Mwana wawo Amisi anakula akumva mawu amenewa, ndipo ankawaona ndi maso dzinja lililonse. Mizere ya m'mbali mwa njira bambo akewo ankaibzala mochedwa, yopanda manyowa, n'kuisiya kuti ilimbane yokha ndi udzu. Wodutsa pangolo kapena panjinga ankaona chimanga chachikasu, cholekeza m'mawondo, n'kupukusa mutu. Munda weniweni unali kuseri kwa sanzazo, ukapitirira chulu.

Sanali Che Yahaya okha. Komboni yonse, mudzi wa antchito a pa purazi, esiteti yakale ya fodya kufupi ndi tauni ya Banket, inkalima choncho. Makolo awo anachoka ku Mangochi, ku Machinga, ena ku Tete, kudzathyola fodya wa mzungu. Mzungu atachoka purazi inagawidwa kwa anthu ena, a m'komboni n'kutsala ndi tinyumba tawo ndi manda awo, opanda dzina pa pepala lililonse la malo. Ankadya za maricho, kupalira ndi kukolola m'minda ya eni atsopano. Mwini akakhala wa mtima wabwino ankakulozera kachigawo kotopa kuti uzikandapo. Ukakanenepetsa, mwiniyo ankakumbukira kuti ndi kake.

Kachigawo ka Che Yahaya kanali ka VaFanuel, bambo wa ng'ombe zingapo ndi zidzukulu zambiri, amene anapatsidwa malo kumunsi kwa purazi.

Amisi atapita ku koleji ya zaulimi, ndiye anabwera ndi nzeru ya makomba: kukumba timayenje m'chilimwe, kuthiramo manyowa, kubzala momwemo chaka ndi chaka, pamwamba n'kuphimbira ndi mapesi ndi udzu kuti dzuwa lisamwe chinyezi. Bambo ake anayamba aseka, n'kunena kuti sukulu yamuphunzitsa kukumba mbewa. Kenaka anatenga khasu. Ankakumba mwezi wa Okutobala, nthaka ikubweza khasu ngati konkire, akutsokomola, akupumira pa mpini. Udzu wophimbira ankakausenza kumtsinje, ndipo ng'ombe zikamasulidwa kukadya mapesi, iwo ankakhala pachulu ndi ndodo. Anatero madzinja atatu. Koma sanza za m'mbali mwa njira sanazisiye, ngakhale Amisi ankawauza kuti akuwononga mbewu ndi malo chifukwa cha mantha achikale.

Anamwalira mu Disembala, atangomaliza kubzala. Monga mwa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Amisi anachoka kukoleji atangomva, koma kombi, kaminibasi kamene anakwera, inafera panjira, ndipo pamene ankafika anapeza amuna akutsuka makasu ndi mafosholo pachitsime. Sanaone nkhope, sanaponye dothi. Ku koleji sanabwererenso. Akamufunsa ankati abwerera mvula ikatha, ndipo anthu anasiya kufunsa.

Mvula yake sinachedwe n'kutha. Inagwa kangapo, kenaka inangoti zii. Pofika mu Malichi minda ya kuzungulira Banket inali itapsa, chimanga chitapota masamba ngati anyezi, chikumasula ngayaye chili m'chiuno. Koma kuseri kwa chulu chimanga cha Che Yahaya chinaima chobiriwira, chitabereka ana. Amisi ndi mayi ake, a Zaituni, ankalowako modzera kumtsinje kuti asaponde njira yooneka, ndipo akabwera ndi chimanga chachiwisi ankachibisa pansi pa nkhuni.

Tsiku lina Amisi akukonza waya wa khola la VaFanuel, panafika galimoto yoyera. Munatsika mtsikana wa chipewa chachikulu, ndipo Amisi anafuna kubisala kuseri kwa ng'ombe, chifukwa anamudziwa. Anali Fadzai, amene anali patsogolo pake kukoleji. Naye anamuzindikira, namufunsa chimene akuchita pano nthawi ya sukulu. Atamva za maliro anapepesa, ndipo sanafunsenso.

Fadzai anafotokozera VaFanuel kuti bungwe limene amagwirako ntchito linatumidwa kufufuza. Njira zothandiza alimi m'nyengo yosinthayi zinalipo zambiri, koma thandizo silikanakwanira zonse, choncho ankafuna umboni wa m'munda, osati wa pakamwa, kuti adziwe yoyenera kuyamba nayo. Anali atamva kuti pa purazi ino pali munda wa makomba. VaFanuel anati ulipo, wa malemu Yahaya, ndipo anauza Amisi kuti anyamule chitsulo choyezera chinyezi awatsogolere.

Anaima pa sanza zija. Fadzai anabaya chitsulo pansi, chitsulo chinakana kulowa. Anasuntha, nabayanso, chimodzimodzi. Anajambula chimanga chachikasucho ndi foni, n'kunena motsitsa mawu kuti uwu unali munda wachitatu wa makomba wa anthu a m'makomboni umene waupeza utafa. Zinkaoneka kuti njirayi siyenda kwa anthu opanda ng'ombe, ndipo mwina iyenera kutsikira pansi pa zinazo.

VaFanuel anavula chipewa nakanda mutu. Sanalankhule mwachipongwe, analankhula ngati munthu womvera mnzake chisoni.

"Alangizi amati kumba udye, ife timati kumba ufe. Ndinkamuuza Yahaya. Anakumba munthu uja, anakumba, ali kuti lero? Taonani zimene wasiyira mkazi wake."

Amisi anaona chala cha Fadzai chikuyamba kulemba pa foni. Madzinja atatu a bambo ake, chifuwa chawo, udzu wa pamutu pawo, zonsezo zinkalowa m'foni muja ngati kulephera kwachitatu. Ankadziwa chifukwa chake sanza zinalipo. Ankadziwanso amene waima pambali pake. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Sisi Fadzai, musalembe kaye. Tiyeni mudzaone."

Anawadutsitsa m'mizere yachikasu, nazungulira chulu. Kumeneko Fadzai anangoima. Kenaka anagwada, natukula mapesi owola, napisa dzanja m'dothi lakuda lozizira, nyongolotsi zikuthawa kuwala. Chitsulo chinalowa ngati m'phala. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo Amisi, amene chiyambire maliro ankangoyankha inde kapena ayi, analankhula mpaka kukhosi kuuma: kuya kwa dzenje, manyowa a chitini chimodzi, chaka choyamba chimene sichinapindule kwenikweni, chachiwiri chimene chinayamba kuoneka. Ankati "bambo ankatere, bambo ankatere," ndipo kunali ngati akuyankhula mawu amene akanayankhula pamanda akanafika nthawi yabwino. Fadzai anati munda ngati uwu ndi umene ankaufuna chigawo chonse, ndipo uwu wokha usintha zotsatira zake.

VaFanuel anasenda chimanga chimodzi chili pa phesi, natsina njere ndi chikhadabo mpaka mkaka kutuluka. Maso awo ankayenda m'malire a munda, uku ndi uku. Kuyang'ana kumeneko Amisi anakumvetsa mochedwa, galimoto itapita.

Kunyumba anapeza mayi ake akukazinga mafetikuku, mandasi ogulitsa kusiteji. Nkhani inali itamutsogolera kale, chifukwa m'komboni nkhani imafika fumbi la galimoto lisanathe. Sanamukalipire. Anatembenuza mafetikuku m'mafuta, n'kunena osamuyang'ana:

"Bambo ako anaubisa zaka zonsezi ali ndi chifuwa. Iwe wauvula tsiku limodzi uli ndi sukulu."

Amisi anadziteteza. Anati aliyense akamabisa, ofufuza adzalemba kuti makomba sagwira ntchito kwa osauka, ndipo thandizo lidzapita ku mapaipi a anthu okhala ndi madamu. Anati umboni ukanama, amene amavutika ndi iwo omwe. Zonsezi zinali zoona, ndipo a Zaituni sanatsutse. Anangofunsa kuti m'foni ya mtsikanayo mundawo walembedwa m'dzina la yani. Amisi anatuluka panja.

VaFanuel anadikira mpaka a Zaituni atakolola, pa chimenecho Amisi sakanawanena. Nkhokwe ya VaFanuel inali yopanda kanthu chaka chimenecho, ng'ombe ziwiri zinali zitagona osadzukanso, zidzukulu zinkadya kamodzi. Anabwera masana, nakhala pa kampando, nalandira tiyi ndi manja awiri. Anayamikira malemu, kuti anali munthu wa manja odala. Kenaka anati bungwe lija lasankha kachigawo kaja kukhala munda wachitsanzo, kumene alimi azidzaphunzirira, ndipo malamulo ake amafuna munthu wokhala ndi pepala la malo. Choncho akatenganso okha. Koma kuseri kwa mabhani akale oumitsiramo fodya kuli malo ena, aakulu kuposa aja.

"Mai Amisi, sindikukuthamangitsani ayi. Inu ndi ife ndi amodzi."

A Zaituni anawomba m'manja mwa Chishona, nathokoza. Amisi anali ataimirira pakhomo. Anafunsa kuti nanga thukuta la madzinja atatu, nanga manyowa onse anathiridwa muja, zimenezo zisamuka bwanji kupita kuseri kwa mabhani. VaFanuel anamuyang'ana mofatsa.

"Mwanangu, manyowa aja anali a ng'ombe za yani?"

Anamaliza tiyi wawo, natsanzika bwinobwino.

Amisi anaimbira Fadzai. Mtsikanayo anakhumudwa zenizeni, zinamveka m'mawu. Anati sanadziwe kuti zitha choncho, ndipo alankhula ndi VaFanuel. Analankhula nawodi, koma anamuyankha kuti mayiyo apatsidwa malo aakulu kuposa oyamba, vuto lili pati. Akuluakulu a bungwe anati lamulo la pepala linaikidwa kuti asamabzale chikwangwani pamalo a mikangano. Pomaliza Fadzai anamuuza kuti kubwera msonkhano wosankha njira, ndipo adzalankhule yekha pamaso pa onse.

Msonkhanowo unachitika mu Ogasiti, m'shedi yakale yosankhiramo fodya, mphepo ikuliza malata. Eni malo anakhala pa mabenchi, a m'komboni pansi kumbuyo, ngakhale panalibe anawauza kutero. Pa simenti Fadzai anayala zithunzi zikuluzikulu: mapira, mbewu yocha msanga, mitengo yobwezera nthaka, mapaipi othirira, makomba ophimbira. Aliyense anapatsidwa njere za chimanga zodzaza dzanja, kuti aike pa chithunzi cha njira imene akufuna iyambe.

Asanasankhe, Fadzai anafotokoza zimene anapeza. Analankhula bwino, mosabisa. M'minda yonse imene anayeza, makomba ophimbira ndi amene anasunga chinyezi nthawi yaitali, ndipo phindu lake limakula munthu akapitiriza pamalo omwewo zaka zingapo. Umboni wamphamvu kwambiri unachokera pa purazi yomwe ino. Anakweza chithunzi cha makomba kuti onse aone. Munali VaFanuel ataima m'chimanga chobiriwira, chipewa chili m'manja. M'mphepete, pamene chithunzi chinadukira, panali chigongono cha Amisi ndi nsonga ya chitsulo.

A Sixpence, nkhalamba imene inkayendetsa thirakitala nthawi ya mzungu, anafunsa ngati palibe chithunzi cha poto, chifukwa chaka chino njere zodzaza dzanja si zoseweretsa pa simenti. Shedi yonse inaseka. Kenaka anapita mokoka mwendo nakathira zawo pa mbewu yocha msanga, n'kunena kuti iwo amakonda mbewu imene imacha mwini munda asanasinthe maganizo. Kumbuyo anaseka, pa mabenchi ayi.

Amisi anaimirira njere zili m'manja. Anali atakonza mawu ambiri, koma anatuluka osatsatana. Anati makomba amagwiradi ntchito, iye anaona. Anati anthu amene amakumba mayenje pa mapurazi ano, kaya m'minda yawo kaya pa maricho, ndi amene akhala pansiwa. Anati minda itatu imene sisi Fadzai anaipeza itafa mwina sinafe, ndipo apa a m'komboni anayamba kutsokomola ndi kumuyang'ana moopseza, mpaka anaisiya nkhaniyo pakati.

"Mwayeza kuti chinyezi chikhala nthawi yaitali bwanji m'dzenje," anatero. "Ndani anayeza kuti wokumbayo akhalapo nthawi yaitali bwanji?"

Anapempha kuti pakhale chithunzi china: chakuti wobwereka munda azibwereka zaka zodziwika, pamaso pa mboni, asanakumbe dzenje loyamba. Popanda chimenecho, anati, njira yabwinoyi ili ngati kunenepetsa mbuzi ya eni.

Pa mabenchi panamveka kung'ung'udza. Bambo wina anati ayamba choncho, lero zaka, mawa afuna pepala. Wina anati mnyamatayu sukulu inamukana, ndiye akufuna kuphunzitsira pano. VaFanuel anangoyang'ana zipewa za anzawo.

Fadzai anadikira kuti phokoso litsike. Anati zimene wanena Amisi ndi zoona, ndipo ofufuza ena m'maiko ena anazipezanso. Koma iye anatumidwa kusanja njira za kalimidwe, ndipo nkhani ya malo ili ndi maofesi ake, amene bungwe lawo silingawalowerere. Analonjeza kuti adzailemba m'lipoti, m'gawo la kumapeto la zovuta zimene anakumana nazo.

"Kumapetoko amawerengako ndani, sisi?" anafunsa Amisi.

Fadzai anayang'ana pansi, ndipo Amisi anaona kuti yankho akulidziwa.

Anapita kutsogolo, nathira njere zake pa simenti yopanda chithunzi, pakati pa mapira ndi mapaipi, nabwerera kukakhala. Wowerengera anafunsa Fadzai kuti zimenezi azilembe pati. Asanagwirizane, nkhuku ya m'komboni inalowa pakhomo la shedi n'kujompha njerezo, kuthetsa mlanduwo.

Amayi anasankha pomaliza. A Zaituni anakonza mpango wawo, nayenda pang'onopang'ono mpaka pa chithunzi cha makomba. Anawerama, nathira njere zawo zonse, osati pa VaFanuel, koma pakona pamene pankaoneka nsonga ya chulu. Makomba anapambana kutali.

Pobwerera Amisi anayenda patsogolo, mpaka analephera kupirira. Anafunsa mayi ake kuti angavotere bwanji chinthu chimene chawalanditsa munda.

"Unkafuna ndiike pati? Ndi munda wa bambo ako uja," anatero. "Ndipo mundawo sunaname. Unatidyetsa."

Chikwangwani chinabzalidwa m'mbali mwa njira, pamene panali sanza. VaFanuel analemba anthu a maricho kuti akumbe makomba mpaka kumsewu, kuti alendo aziona asanatsike m'galimoto. Amisi anakana ganyu ameneyo, ngakhale m'nyumba munalibe sopo. A Sixpence anapita, n'kubwera akunena kuti dothi la Yahaya ndi lofewa ngati chiwindi, munthu ukhoza kukumba ndi supuni.

Kuseri kwa mabhani kunali miyala yofiira ndi zidutswa za njerwa. Mu Okutobala Amisi anatenga khasu la bambo ake, la mpini wosalala pamene pankagwira manja awo, nayamba dzenje loyamba. Khasu linkathetheka moto. Pofika masana m'manja munali matuza, ndipo mayenje amene anakumba mwana akanawawerenga ndi zala. A Zaituni anabwera ndi mtolo wa udzu pamutu, nautula pansi pa khoma. Kenaka anayenda kuchokera pa njira kulowa m'kati, nazika kamtengo posonyeza pamene sanza zidzalekezere. Amisi anayang'ana kamtengoko, nakazula, nakazika m'kati kwambiri. Mayi ake ananyamuka kukasenza udzu wina.

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa Fadzai, wautali. Anati nkhani ija sinamuchoke m'mutu. Walimbana ndi akuluakulu ake, ndipo amulola kuti dzinja likubwerali atsatire padera alimi a m'makomboni opanda mapepala, kuti pakhale umboni wa iwonso, chifukwa popanda manambala palibe amene adzamve. Ankapempha kuti ayambe ndi munda wawo watsopano. Dzina la mwini malo liyenera kulembedwabe, koma la wolima lidzakhala pambali pake.

Amisi anakhala pa njerwa nawerenganso. Ankadziwa kuti mtsikanayo akunena zoona. Kukoleji anaphunzira yekha kuti chimene sichinayezedwe sichilowa pa mzere, ndipo akakana iye, n'kukana a Sixpence, n'kukana komboni yonse, lipoti lidzati anthu opanda malo sakonda njira zatsopano. Anakweza maso. Mayi ake anali atabwerera kale kumtsinje, akuoneka kutali ngati kadontho m'fumbi, msana wawo utayamba kupindika mofanana ndi wa bambo.

Amisi analemba ndi chala chotupa kuti kuno sanakumbe, malo ake ndi miyala yokhayokha, palibe choti n'kudzaona. Anathokoza sisi Fadzai chifukwa chowakumbukira. Anatumiza, naika foni pansi pa udzu kuti isatenthe, nalavulira m'manja, n'kupita kukakumba kuseri kwa kamtengo.